Munthu akapsa ndi moto: zoyenera kuchita kuyambira mphindi yoyamba mpaka chilonda kupola

Mwana wa mchemwali wanga anapsa ndi phala m'mawa wina m'mwezi wa June, asanakwanitse zaka zitatu. Mayi ake anali atangophula poto pambaula n'kuika pansi kuti akatenge mbale m'nyumba. Pobwerera anapeza mwana wakoka chogwirira, phala lonse lamukhuthukira pamkono ndi pachifuwa. Anthu anathamanga atamva kulira, aliyense ndi chake m'manja: wina dzira laliwisi, wina Colgate, agogo ena a nyumba yoyandikana anabwera ndi botolo la mafuta ophikira. Onsewo ankamufunira zabwino mwanayo. Koma ndowa yodzaza madzi inali pakhonde pomwepo, ndipo palibe anaikhudza.

Ine ndi amene ndinagonera mwanayo kuchipatala, milungu isanu yathunthu. Zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira pobwerezabwereza kufunsa anamwino ndi madokotala, komanso poona ana ena amene ankabwera pamabedi oyandikana nafe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka. Kwathu kuno amene amadzaza wodi ndi ana aang'ono opsa ndi phala, tiyi, nyemba kapena madzi osamba, makamaka nyengo yozizira pamene aliyense amaunjikana pamoto. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zilonda zambiri zimaipira m'manja mwa ife othandiza, m'ola loyamba lenilenilo.

1. Thetsani kupsako

Ngati zovala zayaka, munthuyo asathamange, chifukwa mphepo imakolezera moto. Mugwetseni pansi, agubuduzike, kapena mufunditseni bulangete lokhuthala kapena chiguduli, kapena mumuthire madzi. Musagwiritse ntchito nsalu ya nailoni. Imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Ngati ndi mafuta ayaka m'poto, musathiremo madzi ndipo musanyamule potoyo kuthamangira naye panja. Vundikirani ndi chivundikiro kapena thireyi yachitsulo, moto uzima wokha.

Apa ndinenepo za khunyu. Anthu ambiri akuluakulu amene amapsa kwambiri amakhala kuti agwera pamoto matendawa atawagwira, ndipo amapsa mozama chifukwa omwe ali pafupi amaopa kuwakhudza. Khunyu siyopatsirana. Malovu ake, thovu lake, mpweya wake, palibe chimene chingakupatsireni matenda. Mukokeni munthuyo pamoto nthawi yomweyo, mumugoneke chammbali, musamuike kanthu m'kamwa. Masekondi ochepa amene mwaima n'kumayang'ana ndi amene amadula zala za munthu.

2. Madzi, kwa mphindi 20

Ngati mungaiwale zonse zimene ndalemba, gwiritsitsani ichi chokha. Thirani madzi ozizira bwino pamalo opsawo kwa mphindi 20, mosalekeza. Madzi a pampopi, a pamjigo, a m'ndowa yakumwa, onsewo ndi abwino.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mbatata mukaifukula paphulusa siisiya kupsa nthawi yomweyo. Kutentha kumene kwalowa kale kumapitiriza kuiphika mkati. Khungu nalo limatero. Moto mwauchotsa, koma kutentha kukulowerabe pansi, ndipo chilonda chimene chikanakhala chapamwamba chimazama mukuona. Madzi amakoka kutenthako, amachepetsa ululu ndi kutupa, ndipo amapulumutsa khungu limene linali pakati pa kufa ndi kuchira. Kusiyana kwa chilonda chopola m'milungu iwiri ndi chilonda chofuna opaleshoni nthawi zambiri kumagona pamenepa.

Mphindi 20 ndi nthawi yaitali mwana akulira m'manja mwanu, ndipo anthu akukuuzani kuti tiyeni tithamangire kuchipatala. Yang'anani nthawi pafoni. Wina apite akasake galimoto kapena njinga, inu mukuthira madzi. Ngati mulibe mpopi, mukhazikeni mwanayo pabeseni, muzitunga ndi kapu m'ndowa n'kumathira pang'onopang'ono, wina akutungira ena. Madzi akachepa, viikani mkono kapena mwendo m'beseni ndipo muzisintha akayamba kufunda, kapena nyowetsani nsalu ziwiri zoyera muzisinthanitsa. Phala ndi nsima zimakakamira pakhungu ndi kusunga kutentha, ndiye zikokoloreni ndi madziwo msanga, osapala ndi zala.

Ngati simunathire nthawi yomweyo, sikuti mwachedweratu. Madzi amathandizabe ngakhale patapita maola atatu chipsereni.

Ayezi ayi, ngakhale madzi a m'firiji ozizira kwambiri ayi. Kuzizira koopsa kumatseka timitsempha ta magazi, ndiye khungu lovulala kale limasowa magazi n'kufa. Komanso kumbukirani kuti mukuziziritsa chilonda, osati munthu yense. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga, ndipo thupi likazizira kwambiri ndi ngozi ina payokha. Mbali zimene sizinapse zifunditseni. Ngati wapsa malo aakulu ndipo wayamba kunjenjemera kwambiri, lekani kuthira, mufunditseni, nyamukani.

3. Vulani zothina ndi zonyowa

Madzi akuthiridwa, chotsani mphete, zibangili, wotchi, lamba, nsapato, mikanda ya m'chiuno ndi zingwe zimene timamanga ana m'manja kapena m'khosi. Pakapita kanthawi malowo amatupa, ndipo mphete imene ikanavuka mosavuta imasanduka chomangira chotseka magazi. Zovala zonyowa ndi madzi otentha zivuleni kapena zidulireni ndi sizasi. Thewera makamaka limasunga kutentha nthawi yaitali. Koma nsalu imene yamatirira pakhungu musaikoke. Dulani mozungulira, yomatirirayo akachotsa ndi a kuchipatala.

4. Musapakepo kanthu

Pano ndi pamene ambirife timalakwira, ndipo timalakwa mwachikondi. Ndinaona ana akubwera atapakidwa dzira, Colgate, majarini, mafuta ophikira, oyilo wa galimoto, mchere, soda, ufa, phulusa, dothi, ndowe, masamba osinja ndi inki. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chimachiza kupsa.

Mafuta ndi majarini amatsekera kutentha mkati, ngati mwavundikira poto. Colgate amamveka kuzizira pakhungu chifukwa cha mankhwala onunkhiritsa amene alimo, koma kutentha sakuchotsa, ndipo akauma amakakamira. Dzira laliwisi, dothi ndi ndowe zimabweretsa tizilombo pamalo amene khungu, lomwe ndi mpanda wa thupi, lagumuka. Dothi ndi ndowe ndiye zimasunga tizilombo ta kafumbata. Ndipo zonse mwapakazo namwino ayenera kuzichotsa asanayambe chithandizo. Sindidzaiwala m'mene mwana wathu analirira tsiku loyamba pamene ankamutsuka Colgate wouma wosakanikirana ndi dzira pakhungu losupuka. Ululu umenewo tinamuonjezera tokha.

Ngakhale mankhwala a papo aja timapaka pazilonda, amene ambiri timangoti GV, musathamangire kupaka musanapite kuchipatala. Amabisa mtundu wa chilonda, ndiye dokotala amavutika kuona kuti chazama bwanji. Uchi anthu amaunena, ndipo n'zoona kuti zipatala zina zimaugwiritsa ntchito pomanga zilonda, koma zimenezo zimabwera pambuyo, chilonda chitaziziritsidwa, chitatsukidwa ndi kuonedwa ndi odziwa.

Matuza musaboole. Chikopa cha thuza ndi bandeji yachilengedwe, ndipo singano, minga kapena lezala zimangolowetsamo matenda. Akafunika kuchotsedwa, achotsa a kuchipatala ndi zida zoyera.

Mudzakumana ndi akuluakulu amene adzakuumirizani kuti kale ankapaka zakutizakuti ndipo anthu ankachira. Ayankheni mwaulemu, koma dzanja lanu lisachoke pakapu ya madzi. Mungonena kuti, "Agogo, tiyambe taziziritsa kaye, zinazo tikamva kuchipatala."

5. Phimbani mopepuka, munthuyo afunde

Mukatha kuthira madzi, phimbani chilondacho ndi chinthu choyera chosasiya ulusi. Pulasitiki yopyapyala yokutira zakudya ija ndi yabwino kwambiri: siimatirira, imachepetsa ululu potchinga mphepo, ndipo dokotala amaona chilonda osachotsa. Ingoyalani pamwamba, musakulunge mothina, ndipo kumaso musaike. Dzanja kapena phazi mutha kulilowetsa m'jumbo yatsopano yoyera. Ngati izi palibe, chitenje chochapa bwino, makamaka chosita, chikwanira. Thonje ndi bulangete laubweya zisakhudze chilonda chifukwa zimakakamira.

Pamwamba pake mufunditseni munthuyo. Mkono kapena mwendo wopsa ukhale pokwera kuti usatupe kwambiri. Wopsa kumaso akhale tsonga, asagone chagada. Mupatseni Panado: wamkulu mapiritsi awiri a 500mg maola 6 aliwonse, osapitirira 8 patsiku, mwana mlingo wake umatengera kulemera kwake. Ana musawapatse aspirin.

6. Onani kuzama ndi kukula kwake

Kupsa kuli pamitundu itatu. Kwapamwamba, khungu limangofiira kapena kuderapo, limawawa, koma matuza palibe. Kumapola pasanathe mlungu. Kwapakati, pamatuluka matuza, pansi pake pamakhala pofiira, ponyowa, popweteka kwambiri. Kukasamalidwa kumapola m'milungu iwiri kapena itatu. Kozama, khungu limayera mbuu, kapena limada ngati khala, limauma gwa ngati chikopa, ndipo nthawi zambiri silipweteka.

Kusapwetekako kumanyenga anthu ambiri. Amati poti sakulira ndiye kuti sizinavute, chonsecho mitsempha yomva ululu yapsera limodzi. Chilonda chosawawa ndicho choopsa kwambiri, ndipo sichimera khungu chokha pokhapokha chikhale chaching'ono zedi. Dziwaninso kuti kuzama kwenikweni kumaoneka bwino pakapita masiku awiri kapena atatu, choncho chimene chikuoneka chochepa lero muchiyang'anenso mawa ndi mkuja.

Kukula kwake yezani ndi dzanja la wopsayo, osati lanu. Chikhatho chake pamodzi ndi zala ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu la thupi lonse. Kwa munthu wamkulu, mkono wonse ndi 9 peresenti, mwendo wonse 18, chifuwa ndi mimba 18, msana wonse 18, mutu 9. Mwana wakhanda mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, umafika pafupifupi 18 peresenti. N'chifukwa chake kapu imodzi ya tiyi, imene wamkulu angangopsa nayo pang'ono, imatha kuika moyo wa khanda pachiswe.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione m'mene kuchere, ngati:

- wopsayo ndi mwana wosakwana zaka 5, nkhalamba, mayi woyembekezera, kapena munthu wodwala shuga, khunyu kapena amene chitetezo chake n'chotsika;
- chilonda n'chachikulu kuposa chikhatho chake;
- wapsa kumaso, m'khosi, m'manja, kumapazi, kumaliseche, kumatako kapena polumikizira mafupa monga pabondo, pachigongono ndi kukhwapa;
- pali pena poyera, pakuda kapena posamva kukhudza, ngakhale pachepe bwanji;
- kupsako kwazungulira mkono, mwendo, chala kapena chifuwa;
- wapsa ndi magetsi, mphenzi, asidi kapena mankhwala ena;
- anali m'nyumba yodzaza utsi.

Za kuzungulirazo ndifotokoze pang'ono. Khungu lopsa mozama silitamuka. Mkati mukatupa, limamanga ngati waya, magazi osafika kuzala, kapena chifuwa kulephera kufutukuka popuma. Madokotala amachita kuling'amba m'litali kuti limasuke. Mukaona zala zikuzizira, zikuchita dzanzi kapena zikusintha mtundu, imeneyo ndi nkhani ya maola, osati masiku.

Chilonda cha paipi ya utsi ya njinga yamoto, chimene okwera kabaza ambiri ali nacho pamwendo, chimaoneka chaching'ono koma kawirikawiri chimakhala chozama. Musachipeputse.

7. Magetsi, asidi ndi utsi

Munthu wogwidwa ndi magetsi musamukhudze magetsiwo asanazimitsidwe. Thimitsani pa main switch, kapena mukankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma. Ngati ndi mawaya akuluakulu a pamapolo, musayandikire n'komwe, itanani a ESCOM. Magetsi amasiya kabala kakang'ono polowera ndi potulukira, koma mkati amaotcha minofu ndipo amatha kusokoneza kugunda kwa mtima. Mkodzo ukayamba kuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti minofu yawonongeka ndipo impso zili pangozi. Aliyense wopsa ndi magetsi akaonedwe, ngakhale akuyenda yekha.

Asidi wa batire, soda wopangira sopo, simenti yonyowa ndi laimu zimapitiriza kudya khungu mpaka zitachoka. Ngati ndi zaufa, sasani kaye zouma, kenako tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20, kupitirira apo n'kwabwino. Vulani zovala zonse zimene zakhudzidwa, inuyo mutateteza manja anu. Zikalowa m'diso, tsegulani chikope ndi zala n'kumathira madzi kuchokera chakumphuno kupita kunja kuti asalowe m'diso linalo. Musayese kuthira mankhwala ena oti agonjetse oyambawo.

Wopulumuka m'nyumba yoyaka muyang'aneni kumaso. Mwaye m'mphuno kapena m'kamwa, nsidze ndi tsitsi la m'mphuno zowauka, mawu osasa, kutsokomola zakuda, zonsezi zikusonyeza kuti njira ya mpweya yapsa. Amatha kumalankhula bwinobwino panopa, pakhosi n'kutsekeka patapita maola ochepa. Ameneyu ndi woyamba kukwera galimoto.

8. Panjira ndi pofika kuchipatala

Munthu wopsa malo aakulu amataya madzi ambiri, ena kudzera pachilonda, ambiri kutuluka m'mitsempha kupita m'minofu, ndiye kutupa kuja. Magazi akachepa mphamvu, impso zimaima. Ichi ndicho chimapha anthu m'masiku awiri oyamba. Ngati chipatala chili kutali ndipo wodwalayo ali maso, akumeza bwino, sakusanza, muzimumwetsa Thanzi ORS pang'onopang'ono njira yonse, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Wokomoka kapena wosokonezeka mutu musamumwetse kanthu.

Tengani kabuku ka kuchipatala, ndipo sungani m'mutu nthawi yeniyeni imene munthuyo anapsa. Dripi amawerengera kuyambira pa ola limenelo, osati pa ola limene mwafika. Njira yodziwika kwambiri, yotchedwa Parkland, imati mamililita 4 kuchulukitsa ndi makilogalamu a wodwala, kuchulukitsanso ndi maperesenti amene wapsa. Munthu wa makilogalamu 60 amene wapsa 20 peresenti amafunika mamililita 4,800 m'maola 24, ndipo theka lake, 2,400, liyenera kulowa m'maola 8 oyamba chipsereni. Mukataya maola 6 mukufunsana kunyumba, mwadya nthawi imene thupi limafuna madziwo kwambiri. Mwana amayamba kufuna dripi akapsa kupitirira 10 peresenti, wamkulu chapamwamba pa 15. Musadabwe akamuika paipi ya mkodzo ndi kumayeza ola ndi ola; mkodzo ndi umene umawauza ngati madzi akukwana.

Nenani zoona zokhazokha: chamuotcha n'chiyani, nthawi yanji, mwapakapo chiyani, amamwa mankhwala anji. Manyazi a kuti tinapaka dzira sathandiza wodwala. Funsani za jakisoni wa kafumbata. Chipatala chaching'ono chikakutumizani ku chipatala cha boma kapena chachikulu, pitani; Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mawodi apadera a anthu opsa.

Pali ana ena amene amapsa chifukwa wamkulu wawaotcha dala manja, ati kuwalanga chifukwa cha ndiwo kapena ndalama, kenako n'kuwabisa m'nyumba mpaka zala zitaola. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukadziwa zotere, mutengereni mwanayo kuchipatala ndipo dziwitsani apolisi kapena imbani 116, nambala yothandiza ana.

Kutsuka chilonda kumawawa kwambiri. Inu ogonera, pemphani kuti mankhwala oletsa ululu aperekedwe nthawi yotsuka isanakwane, osati kulira kutayamba. Ndi ufulu wa wodwala, ndipo mwana amene sanazunzike dzulo savuta kumugwira lero. Muzisamba m'manja ndi sopo musanamukhudze, ndipo alendo odzazonda asamagwiregwire mabandeji kapena kukhala pabedi.

Chilonda chozama, kapena chimene chatha milungu iwiri kapena itatu osatseka, chimafuna kuikidwa khungu lina. Amasenda kachikopa kopyapyala, kawirikawiri pantchafu ya wodwala yemweyo, n'kuyala pachilondapo. Pamene asendapo pamapola pokha m'milungu pafupifupi iwiri. Makolo ambiri amaopa fiyeta, ena amathawitsa ana usiku. Ife tinaopanso. Koma chilonda chimene chasiyidwa miyezi kuti chidzitsekere chokha chimatseka mokoka, ndipo kukokako ndi kumene kumapinda manja.

9. Chilonda chaching'ono chosamalira kunyumba

Ngati ndi wamkulu, chilonda n'chapamwamba, chochepera chikhatho, ndipo sichili pamalo aja ndatchula, mutha kuchisamalira nokha. Sambani m'manja, tsukani pang'onopang'ono ndi madzi owiritsa ozizira ndi sopo wosanunkhira, gugudani ndi nsalu yoyera kuti paume, pakani Vaseline woyera pang'ono pagozi, nsalu yopyapyala ija yomangira zilonda, kuti isamatirire, phimbani n'kumanga mosathina. Sinthani tsiku lililonse kapena pakapita tsiku limodzi, komanso nthawi iliyonse bandeji ikanyowa kapena kuda. Ikamatirira, inyowetseni kaye, musaizule. Apa Vaseline akuloledwa chifukwa kutentha kunachoka kale.

Kirimu ya silver sulfadiazine, imene ambiri amaidziwa kuti Flamazine, muigwiritse ntchito pokhapokha a chipatala akupatsani. Siyoyenera kumaso, kwa khanda losakwana miyezi iwiri, kwa mayi wotsala pang'ono kuchira, ndi kwa amene mankhwala a sulfa monga Bactrim amawawenga. Makapisozi ogula pagolosale osawathira pachilonda ndipo osangomwa mwachisawawa. Kupsa kwatsopano sikufuna mankhwala opha tizilombo pokhapokha matenda atalowa.

Zizindikiro zakuti alowa ndi izi: ululu ukukula m'malo mochepa, kufiira ndi kutupa kukufalikira, mafinya, fungo, bandeji yobiriwira, kutentha thupi. Mwana amene ali ndi chilonda cha moto, ngakhale chaching'ono, akayamba kutentha thupi, kusanza, kutsegula m'mimba, kutuluka zidzolo kapena kufooka, musangoti ndi malungo. Mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo ndipo muwaonetse chilondacho.

10. Chakudya ndi mankhwala

Thupi lopsa kwambiri limadya mphamvu mwina kuwirikiza kawiri kuposa masiku onse, chifukwa likumanga khungu latsopano ndi kulimbana ndi tizilombo. Wodwala amaonda mukuona, ndipo woonda chilonda chake sichitseka, khungu loikidwa siligwira. Mazira aja tinkafuna kupaka, malo ake ndi m'mimba. Mupatseni mazira, mkaka, usipa, matemba, nyemba, soya, phala la Likuni kapena la mgaiwa lothira nsinjiro ndi kamafuta, mapeyala, nthochi, masamba, ndi chiponde ngati achipatala apereka. Njala sakhala nayo, ndiye musadikire kuti apemphe: pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Zonena kuti wachilonda asadye mazira, nsomba kapena nyama zisiyeni, zimangomulanda zomangira thupi.

11. Ongolani ziwalo chilonda chisanapole

Izi ambiri sauzidwa, ndipo ndi zimene zimasiyanitsa mwana amene adzagwira pensulo ndi amene sadzagwira. Munthu womva ululu amadzipinda: amafumbata dzanja, amakhotetsa chigongono, amakanikiza mkono kunthiti, amaweramitsa chibwano pachifuwa. Khungu latsopano likamamera limakoka, ndipo limaumira m'mene chiwalocho chakhalira. Pakatha miyezi, zala zagwirana, mkono sukuwongoka, khosi lamatirira pachifuwa. Kukonza zimenezi kumafuna maopaleshoni ovuta, pomwe kupewa kumangofuna khama la tsiku ndi tsiku.

Zala zopsa zimangidwe chilichonse pachokha, osaziphatikiza m'bandeji imodzi. Wopsa kutsogolo kwa khosi asatsamire pilo kumutu. Kansalu kopinda kakhale pansi pa mapewa kuti khosi litambasuke. Wopsa kukhwapa agone mkono utatambasukira kumbali. Chigongono ndi bondo zikhale zowongoka pogona. A mafizo akakupatsani chomangira chowongolera, chivalidwe monga anenera, usiku makamaka, ngakhale mwana akane.

Ndipo aziyendetsa. Mwana wathu ankakana kutambasula chigongono, ndipo ine mtima unkandiwawa kumukakamiza. Mayi wina amene ankagonera mwana wake pabedi loyandikana anandiphunzitsa njira: ankaika kabisiketi pamwamba pa kabati kuti mwana achite kunyanyamphira ndi mkono wopsawo. Tinayamba kutero ndi nthochi, kenako mpira wa mapepala, kenako kumupatsa sipuni kuti adye yekha ngakhale phala litayike. Kangapo patsiku, mankhwala a ululu atayamba kugwira. Titatuluka tinapitiriza kwa miyezi, chifukwa chipsera chimapitiriza kukhwima ndi kukoka kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Khungu latsopano ndi lofewa, louma ndipo limayabwa kwambiri. Lipakeni Vaseline kapena mafuta osanunkhira kawiri kapena katatu patsiku, mukusisita mozungulira ndi chala mokanikiza pang'ono. Wengani zikhadabo za mwana kuti asadzikande mpaka kutsegula chilonda. Litetezeni kudzuwa ndi zovala zazitali kapena chipewa kwa chaka chathunthu. Poyamba pamaoneka potuwa kapena pofiirira, koma mtundu umabwerera pang'onopang'ono, ngakhale pena sufanana ndi kale. Mafuta oyeretsa khungu asafikepo. Chipsera chikayamba kutukuka ndi kulimba, bwererani kuchipatala msanga, pali zovala zothina zapadera zimene zimachiphwetsa.

Mwana amene wapsa polumikizira mafupa azikaonedwa pamene akukula, chifukwa fupa limatalika koma chipsera sichitamuka mofanana nalo, ndiye mkono umene unali bwino ali ndi zaka 4 utha kuyamba kukoka ali ndi zaka 9. Amene anapsa chifukwa cha khunyu asatuluke m'chipatala opanda mankhwala ake ndi tsiku lodzatenganso ena, ndipo pakhomo pakhale wina wophika m'malo mwake kapena wokhala naye pafupi akakhala pamoto. Chipsera chakale chikatseguka n'kukhala chilonda chosapola kwa miyezi, ngakhale papite zaka 20 kapena 30 chipsereni, chikapimidwe, chifukwa nthawi zina khansa ya pakhungu imayambira pamenepo.